Pagalimoto kuchokera ku Würzburg mpaka ku Füssen: zomwe tinaona m'njira

Aliyense amene wamva kuti tinayenda pagalimoto ku Bavaria, chigawo cha kummwera kwa Germany, amayamba ndi kufunsa za Neuschwanstein, nyumba yachifumu ya nsanja zosongoka ija imene imapezeka pa makalendala. Tinakafikako ndithu, ndipo ndifotokoza. Koma inu amene mukukonza ulendo ngati uwu, dziwiranitu kuti nyumba imeneyo ili kumathero a msewu, pomwe zokoma zenizeni zili m'njira, m'matauni aang'ono momwe anthu akukhalabe mpaka lero. Mukathamangira kumathero mudzabwerako ndi zithunzi zofanana ndi za wina aliyense, koma zimene zinatigwira mtima ifeyo mudzazidutsa osaziona.

Msewuwu umatchedwa Romantische Straße. Umayambira ku Würzburg n'kukathera ku Füssen, m'tsinde mwa mapiri a Alps kufupi ndi malire a Austria, mtunda wa makilomita pafupifupi 460. Si msewu umodzi womangidwa mwapadera ayi. Ndi misewu ya m'midzi ndi m'matauni imene anaipatsa dzina limodzi mu 1950 pofuna kukopa alendo, dziko la Germany litangotuluka m'nkhondo. Njira yake mumaidziwira pa zikwangwani zabulauni. Tinalipo atatu: ine, mayi a ana anga, ndi azakhali amene akhala nafe ku Britain kwa nthawi ndithu. Azakhali amavutika mawondo, ndipo zambiri zimene ndilembe za makwerero ndi zitunda ndinaziphunzira poyenda pambali pawo.

Za mapepala ndingodutsamo. Pasipoti ya Malawi imafuna viza ya Schengen, yolowera ku Germany ndi maiko ena ambiri a ku Ulaya, ngakhale mutakhala ndi chilolezo chokhala ku Britain, ndipo pofunsira amafuna inshuwalansi ya zachipatala yosachepera mayuro 30,000. Yambani msanga, chifukwa tsiku lokaonekera silipezeka chisawawa nyengo yotentha ikamayandikira. Ngati laisensi yanu ndi ya kumudzi, tengeraninso chiphaso choyendetsera galimoto m'maiko ena. Obwereketsa galimoto amafuna khadi ya ngongole ya dzina la woyendetsayo kuti agwirepo chikole.

Galimoto tinatengera pabwalo la ndege la Frankfurt. Ndinasankha ya otomatiki, ndipo ndikulangizani zomwezo. Ife tinazolowera kuyenda kumanzere, kaya ku Malawi, ku Zambia, ku Joni kapena ku Britain, pomwe kumeneko amayenda kumanja ndipo giya ili kudzanja lamanja. Mutu umakhala ndi zambiri zoganiza kale, ndiye musauwonjezere za giya. Pali malamulo awiri amene sindinaone wina akuwafotokozera alendo. Loyamba, chikwangwani chachikasu cholembedwa dzina la mudzi chimatanthauza kuti liwiro latsika kufika pa makilomita 50 pa ola, ngakhale palibe nambala iliyonse, ndipo makamera amakhala pomwepo. Lachiwiri, pamphambano yopanda chikwangwani, wochokera kumanja kwanu ndiye amayamba kudutsa, ngakhale akutuluka m'kamsewu kakang'ono. Mukaona chikwangwani chachikasu cha makona anayi chozunguliridwa ndi choyera, ndiye kuti msewu wanu ndi umene uli ndi mwayi. Chinanso, makina olozera njira muwauze kuti apewe misewu ikuluikulu. Msewu wa A7 umayenda mbali yomweyo kuchokera ku Würzburg mpaka ku Füssen, ndipo mukawasiya makinawo adzakutengerani kumeneko, matauni onse n'kumangoonekera patali.

Ku Würzburg tinalunjika ku Residenz, nyumba ya mabishopu amene analinso olamulira dera limenelo. Inamangidwa kuyambira 1720 mpaka 1744, ndipo mmisiri wake wamkulu anali Balthasar Neumann. Chimene chimaimitsa munthu ndi makwerero olowera. Mumayamba kukwera muli pamalo amdima pang'ono, kenako denga limayamba kutseguka pamwamba panu, lalikulu mamita pafupifupi 18 m'lifupi ndi 30 m'litali, lopanda mzati ngakhale umodzi pakati. Padenga ponsepo pali chithunzi chimene Giovanni Battista Tiepolo wa ku Venice anajambula mu 1752 ndi 1753. M'mbali zinayi anaikamo makontinenti amene ankadziwika nthawiyo: America ndi mkazi wokwera ng'ona, Asia wakwera njovu, Europe wakhala pakati pa oimba ndi amisiri, ndipo Africa ndi mkazi wakuda wokhala pa ngamila, atazunguliridwa ndi amalonda ndi akatundu.

Tinaima nthawi yaitali pansi pa mbali ya Africa. Mkaziyo anamujambula ndi ulemerero, mutu uli chilili, ndipo luso lake silokayikitsa. Komabe mtima wanga sunakhazikike, chifukwa Africa wa padengalo ndi malo otengako katundu, ndipo makontinenti onse aikidwapo kuti akweze ulemu wa bishopu mmodzi, Carl Philipp von Greiffenclau, amene nkhope yake ili pamwamba pa mbali ya Europe. Azakhali anayang'ana m'mwamba atagwira chitsulo cha makwerero, n'kunena motsitsa mawu kuti, “Mwanangu, mayiyu amukongoletsa ndithu, koma taona zimene zamuzungulira.” Mukafika pamenepo musathamange ndi gulu. Kwerani pang'onopang'ono, muime pakati, mutembenuke, chifukwa chithunzicho chinakonzedwa kuti chizisintha munthu akamakwera.

M'nyumba momwemo muli chipinda chimene ambiri amachidutsa, cha zithunzi za 1945. Usiku wa pa 16 Malichi chaka chimenecho ndege za Britain zinaponya mabomba pamzindawu kwa mphindi pafupifupi 20, ndipo pafupifupi tauni yonse yakale inapsa, anthu masauzande n'kufa. Residenz inapsanso, koma denga la Neumann lija silinagwe. Msilikali wina wa ku America woona zoteteza zinthu zakale, John Skilton, anafunafuna matabwa n'kufolera pamwamba kuti mvula isawononge chithunzicho. Zipinda zina anazimanganso pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, ndipo chipinda cha magalasi chinatha mu 1987. Kuyambira pamenepo ndinayamba kuyang'ana tauni iliyonse ndi funso lakuti, kodi ichi chinapulumuka, kapena alipo anachidzutsa? Madzulo tinapita pa mlatho wakale wa Alte Mainbrücke, pomwe anthu amaima pakati pa ziboliboli za oyera mtima akumwa vinyo wa m'deralo, linga la Marienberg lili pamwamba pa phiri kutsidya kwa mtsinje wa Main.

Rothenburg ob der Tauber ndi tauni imene muyenera kugonamo. Masana mabasi amatula alendo ochuluka moti m'misewu yake yopapatiza mumayenda mogundana. Ikamakwana 5 koloko madzulo mabasi amachoka, ndipo tauni imabwerera kwa eni ake. Galimoto muisiye kunja kwa mpanda, pamalo oimikapo olembedwa P1 mpaka P5, ndipo mutenge kachikwama ka usiku umodzi wokha, chifukwa masutukesi a mateyala sayenda bwino pamiyala yoyalidwa m'misewumo. Azimayi, nsapato zazitali zisiyeni m'galimoto.

M'mawa kwambiri ine ndi mayi a ana tinakwera pampanda wa tauniyo. Pamwamba pake pali kanjira kofoleredwa ndi matabwa, kopapatiza moti anthu awiri sapatukirana bwino, ndipo amtali ayenera kuwerama pena ndi pena. Pakhomalo pali timiyala tolembedwa maina a anthu ndi makampani, a ku Germany komweko, a ku America, a ku Japan ndi kwina. Pa 31 Malichi 1945 mabomba anawononga mbali ya kum'mawa ya tauniyi, pafupifupi magawo 40 mwa 100 alionse, ndipo nkhondo itatha anapempha thandizo kwa anthu a m'maiko onse. Wopereka ankalembedwa dzina pagawo la mpanda limene ndalama yake yamanga. Mayi a ana ankawerenga mainawo mmodzimmodzi mpaka anati, “Abambo, ndiye kuti khoma lonseli ndi la msonkhesonkhe.” Kuchokera pamwambapo mumaona kuseri kwa nyumba: zovala zoyanikidwa, timinda ta tomato, njinga za ana zotsamira khoma.

Musatuluke m'tauniyi musanalowe m'tchalitchi cha St. Jakob. Kumbuyo kwake, mukakwera makwerero ochepa, kuli guwa losema la Tilman Riemenschneider la pakati pa 1500 ndi 1505. Ndi mtengo wokhawokha wosapakidwa penti, ndipo likuonetsa Mgonero wa Ambuye. Amene ali pakatikati si Yesu koma Yudasi, ataimirira, thumba la ndalama lili m'manja, akulandira nthongo ya mkate. Mitsempha ya m'manja mwa atumwi ndi mapiringidzo a ndevu zawo zimaoneka bwinobwino. Azakhali anakwera makwererowo mopirira, ndipo atakhala pabenchi sanafune kudzukanso msanga. Za chakudya chotchuka cha kumeneko, Schneeball, ndinene zoona: ndi timizere ta ufa tokazinga tokulungidwa ngati mpira n'kuwazidwa shuga, ndipo n'chouma. Gulani chimodzi mugawane.

Ku Dinkelsbühl tinangoima kudya nkhomaliro ndi kuzungulira pang'ono. Tauniyi nkhondo sinaikhudze, choncho nyumba zake zamitundumitundu ndi zenizeni zakale, ndipo alendo ndi ochepa poyerekeza ndi ku Rothenburg. Pankhani ya chakudya, abale athu Achisilamu ndi a Seventh Day achenjere, chifukwa nkhumba ili paliponse, m'masoseji, mu Schnitzel (nyama yopyapyala yokazinga), ngakhale mu supu. Mukaona mawu akuti Schwein papepala la zakudya, imeneyo ndi nkhumba. Käsespätzle, zomwe ndi timaphuthu ta ufa ndi mazira tothira tchizi ndi anyezi wokazinga, zimakhutitsa ndipo kawirikawiri zilibe nyama, koma funsanibe. Madzi akumwa amagulitsa, ndipo mukapanda kunena kuti mukufuna stilles Wasser, kutanthauza madzi opanda mpweya, akupatsani a mpweya. Malo odyera ambiri a m'matauni aang'ono amatseka khitchini cha m'ma 9 koloko usiku, ena amapuma Lolemba, ndipo ena salandira khadi. Muziyenda ndi ndalama za m'manja. Lamulungu masitolo amakhala otseka, choncho zogula zonse mugulire Loweruka.

Nördlingen ndi tauni yozungulira ngati lichero, ndipo mpanda wake wonse, makilomita oposa awiri ndi theka, mungauyende pamwamba mpaka kubwerera pomwe munayambira. Pakati pali tchalitchi cha St. Georg ndi nsanja yake yotchedwa Daniel, yotalika mamita 90, ya makwerero pafupifupi 350, ambiri mwa iwo amatabwa. Azakhali anatsala pansi akumwa tiyi. Pamwamba ndi pomwe mumamvetsa malowa. Kutali, mbali zonse, kuli mzere wa zitunda wozungulira chigwa chonse. Zaka pafupifupi 15 miliyoni zapitazo chimwala chochokera kumlengalenga chinagwa pamenepa n'kusiya chidzenje chotambalala makilomita pafupifupi 25, ndipo tauniyi ili mkati mwake. Kwa nthawi yaitali anthu ankayesa kuti ndi chidzenje cha phiri lakale lophulika moto, mpaka cha m'ma 1960 pomwe akatswiri a miyala Eugene Shoemaker ndi Edward Chao anatsimikiza zoona zake. Tchalitchicho chinamangidwa ndi mwala umene unapangika pa kugundako. Mu 1970 ena mwa opita kumwezi a Apollo anabwera kudzaphunzira miyala kuno, ndipo m'nyumba yosungira zakale ya Rieskrater muli kamwala kochokera kumwezi. Ngati muli ndi ana a sukulu, apa ndiye poti muime.

Koma malo amene timawakambabe kunyumba ndi Fuggerei, mumzinda wa Augsburg. Jakob Fugger anali mmodzi mwa anthu olemera kwambiri a nthawi yake. Banja lake linayamba ndi malonda a nsalu, kenako migodi ya siliva ndi mkuwa, mpaka kumakongoza mafumu, ndipo ndalama zake zinathandiza Charles V kusankhidwa kukhala mfumu yaikulu mu 1519. Mu 1521 anakhazikitsa mwalamulo kamudzi ka nyumba zokhalamo osauka a mumzindawo, ndipo kamudziko kakugwirabe ntchito yomweyo. Muli nyumba 67, zogawidwa m'magawo okhalamo pafupifupi 140. Lendi ya chaka chonse ikadali yofanana ndi gulden imodzi, ndalama ya nthawi imeneyo, yomwe lero ndi masenti 88 a yuro, ngakhale kuti za madzi, magetsi ndi zotenthetsera m'nyumba amalipira padera. Wofuna kukhalamo ayenera kukhala Mkatolika, wosowa, ndiponso woti wakhala mu Augsburg zaka zosachepera ziwiri. Amalonjezanso kupempherera banja la Fugger mapemphero atatu tsiku lililonse: Atate Athu, Tikuoneni Maria ndi Ndimvera Mulungu. Zipata amatseka 10 koloko usiku, ndipo wobwera mochedwa amapereka kandalama kwa mlonda.

Tinalowa pachipata n'kupeza timisewu tabata, nyumba zachikasu zoyangidwa ndi zomera, zitseko zobiriwira. Pakhomo lililonse pali kachitsulo kokokera belu, ndipo palibe tiwiri tofanana: kena n'kopotoka, kena kali ngati mtima, kena kali ndi mfundo. Kale misewuyi inalibe nyali, ndiye munthu pobwera usiku ankazindikira khomo lake pofufuza ndi dzanja. Azakhali, omwe ndi a Legio, gulu la Akatolika, kuyambira ali mtsikana, anagwira kachitsulo kamodzi n'kukhala kaye chete. Kenako anandifunsa kuti, “Ndiye kuti mpaka lero akumupemphererabe?” Nditavomera anati, “Anadziwa kuti chuma sichimuperekeza.” Ine ndimaona mbali ziwiri. N'zoona kuti munthuyu ankasamalira mzimu wake, ndipo lamulo loti Akatolika okha limasiya ena kunja. Koma zaka 500 zadutsa, ndipo amasiye ndi okalamba akugonabe m'nyumba zofunda chifukwa anasiya chuma chokhazikika choyendetsera malowo, chomwe lero mbali yaikulu imachokera ku nkhalango za bungwe losamalira malowo. Mabomba a mu February 1944 anagwetsa mbali yaikulu ya kamudzika, ndipo anakamanganso. Chipinda chapansi chimene anthu anabisalamo chilipo ndipo mungalowemo. Pakhoma la nyumba ina pali chikwangwani chokumbukira Franz Mozart, mmisiri womanga, amene anali agogo a bambo ake a wopeka nyimbo wotchuka uja, Wolfgang Amadeus Mozart. Chonde kumbukirani kuti muno ndi m'makomo mwa anthu. Pali nyumba zoonetsera alendo zimene mungalowemo n'kujambula, koma musasuzumire m'mawindo a ena. Perekani moni basi. Kumeneko amati Grüß Gott, ndipo agogo amene tinakumana nawo akuthirira maluwa anatiyankha ndi nkhope yowala.

Kuchokera ku Augsburg msewu umatsata mtsinje wa Lech kulowera kummwera, ndipo mapiri amayamba kuoneka. Patukirani ku Wieskirche, tchalitchi chimene chili chokhachokha pakati pa madambo odyetsera ng'ombe. Dominikus Zimmermann anachimanga pakati pa 1745 ndi 1754, anthu atayamba kukhamukira kumeneko chifukwa cha chiboliboli cha Yesu wokwapulidwa chimene akuti chinaoneka ndi misozi mu 1738. Kunja n'chosadzionetsera, koma mkati ndi moyera mbee, mwa golide ndi kuwala. Nthawi ya Misa salola kuyendayenda, choncho onani ndandanda yake musanapite.

Tsopano za Neuschwanstein. Matikiti gulani pa intaneti masabata angapo ulendo usanafike, makamaka pakati pa June ndi September. Tikiti imakhala ndi nambala ya gulu ndi nthawi yeniyeni yolowera, ndipo mukachedwa chipata sichikutsegukirani. Galimoto sifika pamwamba. Mumaisiya m'mudzi wa Hohenschwangau, kenako ndi chitunda cha mphindi 30 mpaka 40 wapansi. Pali basi imene imatula anthu kufupi ndi mlatho wa Marienbrücke, ndiponso ngolo zokokedwa ndi akavalo, koma zonsezi sizifika pakhomo penipeni ndipo mizere yake imatalika. Ife tinafika m'mudzimo kudakali maola awiri, ndipo chifukwa cha mayendedwe a azakhali nthawiyo inangokwanira. Mkati muli makwerero ambiri ozungulira. Chikepe chilipo cha oyenda movutikira, koma muyenera kuchipempha pasadakhale. Kujambula mkati n'koletsedwa, ndipo kuzungulira konse kumatha m'mphindi pafupifupi 30.

Nyumbayi si yakale monga imaonekera. Mwala wa maziko unaikidwa mu 1869, nthawi ya sitima zapamtunda ndi mafakitale, ndipo pansi pa miyala yoyera ija pali njerwa ndi zitsulo. Munali madzi a m'mipope, zimbudzi zogejemula, mpweya wotenthetsera zipinda, ngakhale telefoni. Chithunzi choyamba cha maonekedwe ake anajambula Christian Jank, yemwe ntchito yake inali yokongoletsa mabwalo a zisudzo, ndipo makoma a mkati ali ndi nthano zimene wopeka nyimbo Richard Wagner ankazipekera nyimbo. Mfumu Ludwig II analowa ufumu mu 1864 ali ndi zaka 18. Patatha zaka ziwiri Bavaria inagonja pankhondo yolimbana ndi Prussia, mphamvu zake zinachepa, ndipo anayamba kudzipatula n'kumamanga nyumba za m'maloto ake mpaka ngongole zinamukwirira. Mu June 1886 nduna zake zinalengeza kuti wadwala misala, anamugwirira m'nyumba yomweyi, ndipo pa 13 June anapezeka atafa m'nyanja ya Starnberg pamodzi ndi dokotala wake, Bernhard von Gudden. Mwa zipinda zoposa 200 zimene zinakonzedwa, zomalizidwa zinali pafupifupi 15 zokha. M'chipinda cha mpando wachifumu muli makwerero a mwala wa mabo okwera kumalo opanda kanthu, chifukwa mpandowo sunapangidwe. Patangopita masabata ochepa iye atamwalira, nyumba imene anaimanga kuti azikhalamo yekha inatsegulidwa kwa alendo olipira.

Ndinatuluka ndili ndi chisoni ndi munthuyo. Nyumbayi ndi yokongola kwambiri mukaionera pa Marienbrücke, mlatho wachitsulo wodutsa pamwamba pa phompho la Pöllat. Pamlathopo pamadzaza, ndipo nyengo yachisanu amautseka kukaterera. Oopa malo okwera aganize kawiri, chifukwa matabwa apansi amanjenjemera anthu akachuluka. Ngati nthawi kapena mawondo akulolani nyumba imodzi yokha, ine ndingasankhe ya Hohenschwangau, yachikasu ija ili kutsidya, imene bambo ake, Maximilian II, anaimanganso, ndipo ndi momwe Ludwig anakulira. Ili pafupi, gulu limakhala laling'ono, ndipo zipinda zake zimaoneka kuti munkakhala banja. Azakhali anaikonda kuposa inayo.

Ku Füssen gonaniko, osati kungodutsa. Tauni yake yakale ndi yaing'ono, ndipo linga la Hohes Schloss lili ndi mawindo ndi makhonde ojambulidwa pakhoma mwaluso loti mumayamba mwayandikira kuti mudziwe kuti ndi penti chabe. Pafupi ndi nyumba ya ansembe a Chifransisko pali chipata cholembedwa kuti Romantische Straße yathera pamenepo. Ngati mukufuna kupitirira kulowa mu Austria, uzanitu obwereketsa galimoto pomwe mukusaina, ndipo mugule vignette, chiphaso cholipirira msewu, musanakwere misewu ikuluikulu ya dzikolo, chifukwa chindapusa chake n'chowawa. Ife tinabwerera ku Frankfurt kudzera pa A7, ulendo wa maola anayi kapena asanu malinga ndi kuchuluka kwa magalimoto. Pamsewu umenewo khalani kumanja nthawi zonse, ndipo musanalowe kumanzere kukapitirira wina, yang'anani pagalasi kawiri, chifukwa m'zigawo zopanda malire a liwiro galimoto imene ikuoneka kutali imakupezani m'kanthawi kochepa. Mafuta thirani m'tauni musanafike pabwalo la ndege, ndipo lisiti musunge kuti mukaonetse pobweza makiyi.